Kolera ikalowa mumpingo, kwanu munatani ndi maliro komanso mgonero?

Naphiri wa ku Bangwe

Moni nonse. Ndine mayi wa mvano, ndipo aka n'koyamba kulemba pano, mwana wanga ndi amene wandionetsa podina. Mundikhululukire ndikatalikitsa.

Akulu ampingo atiuza amayi kuti mvula isanagwe tipititse maganizo athu ku seshoni: kolera ikabweranso tizitani pamaliro, pamgonero ndi poyendera odwala. Lachinayi lapitali tinakhala pansi, koma tinabalalika osamanga mfundo, ena osatsanzikana n'komwe. Mlembi ndine, ndiye pepala lopita kwa abusa lili m'chikwama mwanga, likadali loyera mbee.

Ndiyambe ndi chimene chikundilemera. Mu Januwale 2023, nthawi ija sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe anazichedwetsa kutsegulira chifukwa cha kolera, tinataya mnzathu. Dzina sinditchula, ndingoti mayi otsogolera nyimbo, poti ndi iwo ankatiyambitsira tikafika pa siwa. Ankagulitsa tomato ndi bonya. Lachiwiri madzulo mwana wawo anandipeza ndikupala moto, akuti amayi atsegula m'mimba kuyambira masana. Tinapita atatu. Tinawapeza ali pamphasa, ndowa pambali, maso atalowa m'kati, akudandaula kuti miyendo ikukokana. Munthu amene mawu ake ankamveka kuchokera kuguwa mpaka panja pa tchalitchi, tsiku limenelo tinkachita kuwerama kuti timve zimene akunena. M'ndowamo munali zoyera ngati madzi otsukira mpunga. Ndinaziona ndi maso angawa, ndipo pa wailesi anali atanena kambirimbiri. Sindinganame kuti sindinadziwe.

Koma kunja kunali mdima ndi mvula, bambo akunyumba kwawo anali asanabwere kuchokera kuganyu ku Limbe, ndipo eni akewo anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Musandipititse kumatenti, ndipemphererani, kukacha ndikhala bwino." Anthu ankawaopa matenti aja, ankati ukalowamo umatulukamo uli m'pulasitiki. Tinawerenga Yakobo 5, tinayimba motsitsa, tinapemphera, tinaphika phala limene sanalawe, cha m'ma 9 koloko n'kubwerera kwathu. Bambowo anadzapeza njinga yamoto cha m'ma 4 m'bandakucha. Kuchipatala anawalandira msanga, koma botolo loyamba la dripi silinathe.

Thupi linabwera ndi a zaumoyo atalikulunga kale, iwo ali ndi magolovesi ndi majombo, akupopera klorini. Sitinawasambitse. Sitinawaveke. Bulauzi yoyera ndi duku zimene anachapa n'kusita okha pokonzekera Lachinayi zinatsala zopindidwa pamwamba pa sutikesi. Siwa panalibe, kuona nkhope panalibe, poto sanakhale pamoto. Kuchoka kuchipatala molunjika kumanda, abusa anawerenga mawu ataima chapatali, ndipo zonse sizinakwane theka la ola. Mayi awo owabereka anafika mawa lake kuchokera ku Thyolo n'kupeza mtumbira. Anatiyang'ana ife ovala zoyera n'kunena kuti, "Mwana wanga mwamutaya ngati galu, ndiye mukuti ndinu amvano?" Palibe anayankha.

Ndiye Lachinayi lija nkhani itangoyamba, agogo athu ena, amene anavala yunifolomu ine ndisanabadwe, anaimirira. Akuti Ambuye anakhudza wakhate, akuti amayi analawirira kumanda ndi zonunkhira osaopa asilikali, nanga mvano wothawa maliro ndi mvano wanji? Akuti boma lili ndi ntchito yake, ife tili ndi yathu. Atsikana achichepere akuti ayi, kukabuka kolera tisiye zonse, kuphika, kuyendera odwala, ngakhale mgonero uyambe waima. Wina anachita kunena kuti "ine ndili ndi ana aang'ono, sindingafere duku," agogo aja n'kutola chikwama chawo.

Ine ndili pakati ndipo sindikudziwa cholemba. Ndikamva agogowo ndimakumbukira mawu a mayi a ku Thyolo aja. Ndikamva atsikanawo ndimakumbukira kuti ife atatu tinapita, sitinathawe, komabe munthu anatisiya.

Za mgonero, kwathu timagwiritsa ntchito timakapu, aliyense kake, koma chakumwacho timasungunula ndi madzi, ndipo pampopi pakauma madziwo amatunga paliponse pamene apezeka. Mkate amadula ndi manja madikoni m'chipinda cha kuseri. Pakhomo potuluka timagwirana chanza ndi abusa mpingo wonse. Kodi mwa zonsezi choopsa n'chiti kwenikweni? Ndipo kwanuko, a Katolika, a Anglican, a Pentekosite, a Seventh Day, munachita bwanji kuti munthu aikidwe mwaulemu koma otsala asadwale?

Wazaumoyo kunyanja

Amayi Naphiri, pepani kwambiri. Ine ndine HSA, mlangizi wa zaumoyo woyendera m'midzi, m'dera lina la m'mbali mwa nyanja, komanso ndimayimba kwaya kutchalitchi kwathu, ndiye mbali zonse ziwiri ndaimapo. Ndanyamulapo chopopera pamaliro a munthu amene ndinkakhala naye benchi imodzi Lamulungu.

Mliri umene mukunenawu unayambira ku Machinga mu Malichi 2022, madzi osefukira a namondwe Ana ndi namondwe Gombe atangowononga zimbudzi ndi zitsime. Sunazime ngakhale m'chilimwe monga zimakhalira zaka zina, unafika maboma onse, ndipo pa 5 Disembala 2022 a Chakwera analengeza kuti ndi vuto la dziko lonse. Anthu oposa 1,700 anamwalira mwa anthu oposa 58,000 amene anadwala. Mukawerengetsa ndi anthu atatu pa 100 alionse. Chimene chimandiwawa n'chakuti kolera ikathandizidwa msanga imapha munthu wosakwana mmodzi pa 100. Kusiyana kumeneko ndi maola amene munthu amakhala ali kunyumba.

Tsono ndikuuzeni mosabisa, poti mwafunsa mosabisa. Kupita kuja simunalakwe, kupemphera simunalakwe. Chimene chinasowa ndi madzi. Kolera sipha ndi ululu, imakhetsa madzi m'thupi mpaka magazi kulephera kuyenda, ndipo munthu wamkulu wamphamvu atha kupita tsiku lomwelo. Mukanakhala ndi paketi ya Thanzi, kapena mukanatenga lita imodzi ya madzi owiritsa, masupuni aang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere, n'kumawamwetsa pang'onopang'ono ngakhale akusanza, wina akuthamangira njinga, mwina akanafika kuchipatala mitsempha ikupezekabe. Sindikunena izi kuti mudziimbe mlandu. Ndikunena chifukwa amayi amvano mumafika pakhomo pa wodwala ife tisanamve n'komwe. M'chikwama momwe muli Baibulo ndi buku la nyimbo mukhalenso mapaketi awiri a Thanzi. Ameneyo ndiye mzere woyamba pa pepala lanulo.

Za mgonero musavutike nazo kwambiri. Kolera siyenda mumpweya ngati korona, imalowa pakamwa kudzera m'madzi kapena chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi cha munthu amene ali ndi kachilomboko. Timakapu tili bwino. Yang'anani madzi osungunulira aja ndi madzi otsukira timakaputo: akhale owiritsa kapena othira klorini, ndipo mukathira dikirani mphindi 30. Madikoni asambe m'manja ndi sopo asanagwire mkate. Basi. Palibe chifukwa choimitsira mgonero. Chimbudzi cha patchalitchi ndiye ndingakufunseni, chili ndi chivindikiro? Pali mpondagiya ndi sopo panja pake? Matchalitchi ambiri amene ndayendamo ali ndi zokuzira mawu zamphamvu koma chimbudzi chimodzi cha anthu mazana angapo.

Choopsa chenicheni chili pamaliro, ndipo si bokosi ayi. Ndi beseni. Mukudziwa mmene zimakhalira: nsima yapsa, mnyamata akuzungulira ndi beseni limodzi, ayambe akuluakulu, anthu makumi awiri asambemo, madzi achite kuda, womaliza akungodzipaka za anzake. Anthu ambiri amene ali ndi kachilombo ka kolera sadwala n'komwe, akuyenda bwinobwino koma akukatulutsa. Ndiye mmodzi yekha wotero akaviika manja, mzere wonse wagawana. Chachiwiri ndi thobwa ndi madzi akumwa a mu ndowa yopanda chivindikiro, kapu imodzi yomatungira aliyense. Chachitatu, ndipo apa agogo anu amve, amayi amene asambitsa thupi ndi omwewo amatuluka n'kukagwira mthiko ndi chipande. Thupi la munthu womwalira ndi kolera limapitiriza kutulutsa madzi aja. N'chifukwa chake timalitsuka ndi klorini wamphamvu, kutseka ndi thonje, n'kukulunga. Kwathu kuno ndinaona mudzi umodzi kuchokera pamaliro amodzi, pasanathe sabata tikunyamula anthu a nyumba zosiyanasiyana, ndipo tikafunsa onse anadya pamalo amodzi.

Komabe ndivomere kuti ifenso a zaumoyo poyamba tinkachita zinthu mwaphuma ndi mwamantha. Palibe lamulo loletsa nyimbo. Palibe choletsa abale kuona nkhope ataima pataliko thumba lisanatsekedwe, ngati mwapempha nthawi yake. Ambiri sapempha chifukwa akationa ndi majombo amaganiza kuti ndife apolisi.

M'bale wa ku Area 25

Amayi, Mulungu akutonthozeni. Koma ine ndilankhule zimene ena akuopa.

Mpingo ukazolowera kulandira malangizo kuchokera ku boma pa chilichonse, tsiku lina udzapezeka ulibe mawu. Tinaziona nthawi ya korona. Mu Malichi 2020 anati tisapitirire anthu 100, tinamvera, kwathu tinagawa mapemphero kanayi, abusa ankalalikira uthenga umodzimodzi kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka mawu kutha. Nanga mu Meyi ndi Juni pokonzekera chisankho cha pa 23 Juni, mabwalo a misonkhano ya ndale sanadzaze? Zipani zonse, anthu kuthithikana, wopanda ndi chophimba pakamwa chomwe. Chisankho chitatha, mu Ogasiti, n'kutiuza kuti kutchalitchi tizikhala anthu 10. Khumi! Kwaya yokha imaposa pamenepo. Msika wa Lilongwe uli wotsegula, ma minibasi akuyenda. Mabishopu a Katolika ndi atsogoleri ena atadandaula kuti sanafunsidwe, m'pamene anabweza n'kunena 100. Akanakhala chete bwenzi zili bwanji?

Ndipo anthu amaiwala kuti mpingo ukatsekedwa sikuti ndi nyimbo zokha zimene zaima. Kwathu kuli amayi amasiye amene thumba la ufa amalipeza kuchokera m'chopereka. Chopereka chinagwa, za Mpamba ndi Airtel Money ankatumiza ndi anthu owerengeka apantchito. Abusa athu anayamba kugulitsa makala. Agogo ena anamwalira okha m'nyumba, osati ndi korona, koma poti aliyense ankaopa kulowa.

Ine sindiletsa munthu kupita kuchipatala, ana anga ndimawapititsa. Koma Masalimo 91 sanafufutidwe m'Baibulo chifukwa kwabwera HSA. Agogo anuwo ali ndi mfundo. Mukalemba pepala lodzaza ndi "osachita ichi, osachita icho," mudzakhala ndi mpingo waukhondo koma wozizira.

Wazaumoyo kunyanja

Achimwene a ku 25, za misonkhano ya ndale ija sindikutsutsani, ifenso zinkatipweteka chifukwa tikapita m'mudzi anthu ankatifunsa zomwezo. Koma Januwale 2021 munali kuti? Tsiku limodzi, pa 12, nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinapita. Abusa ndi ansembe tinaika angati mwezi umenewo? Ndipo mu kolera muja ndinalowapo m'nyumba ina ya mapemphero, dzina sinditchula, momwe anabisa odwala atatu kuseri kwa katani, mtsogoleri akutiuza kuti mankhwala ndi kusakhulupirira. Tinachita kubwera ndi amfumu. Mmodzi mwa atatuwo anali mwana wa zaka 6. Ndiye pamene mukutchula Salimo mudziwe kuti ena amalitenga mpaka kumeneko.

Mphunzitsi wopuma, Dedza

Mayi Naphiri, ndawerenga kawiri. Ine ndinaphunzitsa mbiri yakale zaka zambiri ndipo ndine mkulu wampingo, ndiye mundilole ndibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa mkangano wanu wa Lachinayi si wachilendo.

Agogo anuwo ali ndi makolo awo m'chikhulupiriro. Cha m'ma 250, mliri woopsa unagwa mu ufumu wa Roma. Ku Carthage anthu ankataya abale awo m'misewu akadali moyo, ndipo bishopu Cyprian anasonkhanitsa Akhristu kuti asamalire odwala ndi kuika akufa, ngakhale amene ankawazunza. Ku Alexandria bishopu Dionysius analemba kuti abale ambiri, akulu ampingo ndi madikoni omwe, anatenga matendawo posamalira anzawo n'kumwalira. Mpingo unadziwika ndi zimenezo. Koma iwo sankadziwa chimene chimafalitsa matenda, analibe njira ina yosonyezera chikondi koma manja awo. Ife tikudziwa.

Amene amandithandiza kwambiri ndi Martin Luther. Mu 1527 mliri unafika ku Wittenberg, yunivesite inasamukira ku Jena, wolamulira dera anamuuza kuti nayenso achoke. Anakana, mkazi wake Katharina ali woyembekezera, ndipo nyumba yawo inadzaza odwala. Ndiye mungaganize kuti munthu wotero anganyoze mankhwala. Ayi ndithu. M'kalata imene analembera m'busa mnzake wa ku Breslau ananena kuti iye adzapemphera, kenako adzafukiza nyumba, adzamwa mankhwala ndi kupatsa ena, adzapewa malo amene sakufunikako kuti asatenge matenda n'kupatsira ena, koma mnansi akamufuna adzapita. Amene amakana mankhwala n'kumadzionetsa kulimba mtima anawanena kuti akuyesa Mulungu, ndipo wina akafa chifukwa cha kusasamala kwawo mlandu ndi wawo. Achimwene a ku 25, kumbukiraninso kuti amene anatchula Salimo 91 pamwamba pa Kachisi anali Satana, ndipo yankho la Ambuye mukulidziwa, lili pa Mateyu 4:7.

Kwa agogowo, mmalo molimbana nawo ndi mawu a boma, atsegulireni Deuteronomo 23:12-13. Mose akulamula kuti malo odzithandizira akhale kunja kwa msasa, munthu aliyense akhale ndi chokumbira, akatha akwirire. Ndinawerengapo ndime imeneyi paguwa mu 2023, anthu anaseka poyamba poganiza kuti ndapeka, kenako anatsegula okha. Mwezi womwewo amuna a m'mudzi mwathu anakumba zimbudzi ziwiri patchalitchi, nkhani imene inakhala ikukanika m'maseshoni kwa zaka.

Koma chimene ndalembera makamaka ndi bulauzi ija. Nthawi ya Ebola ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone mu 2014 vuto linali lomweli. Magulu oika maliro ankabwera ngati asilikali, kunyamula thupi n'kupita, ndipo anthu anayamba kubisa odwala ndi kuika maliro usiku, matenda n'kumafalikira. Kumapeto kwa chaka chimenecho bungwe la WHO linakhala pansi ndi a Red Cross pamodzi ndi mabungwe a Chikhristu ndi Chisilamu n'kukonza ndondomeko ya kuika maliro motetezeka komanso mwaulemu. Thupi silinkasambitsidwabe ndi abale, koma banja linkafunsidwa kaye, m'busa kapena shehe ankakhalapo, mapemphero ankachitika, ndipo abale ankatha kupereka chovala kapena chizindikiro cha chipembedzo kuti chiikidwe pamodzi ndi womwalirayo. Anthu atayamba kuona kuti m'bale wawo sakutayidwa, anayamba kuitana okha magulu aja.

Ndiye bwanji osalemba kuti wa mvano akamwalira ndi kolera, amayi awiri athamangire kuchipatala ndi yunifolomu yake, aipereke kwa ovala magolovesi kuti aiyale pamwamba pa thupi lokulungidwalo bokosi lisanakhomedwe? Ngati nthawi yachepa, iyalidwe pamwamba pa bokosi. Otsala avale zoyera, aime mizere iwiri panjira ya kumanda, ayimbe mpaka adzukulu amalize. Mwambo wa chikumbutso ndi chakudya udzachitike mliri ukadutsa, pamene abale akutali angathe kufika. Ndipo musadikire maliro kuti mudziwane ndi a zaumoyo a dera lanu. Aitaneni Lachinayi lina adzakhale nanu, agogowo awafunse okha mafunso awo. Tisaiwale kuti zipatala zambiri m'dziko muno, Nkhoma, Ekwendeni, Malamulo, Mulanje Mission, St Luke's ku Malosa, anamanga ndi amishoni omwe anatibweretsera mabuku a nyimbo. Chipatala si mlendo mumpingo.

Nachisale ku Joni

Ine ndingowonjezera kamodzi. Bambo anga anamwalira mu Febuluwale 2021 ine ndili kuno ku Johannesburg, ndipo maliro ndinaonera pa WhatsApp, netiweki ikudukaduka. Chimene ndimakumbukira si ulaliki, sindinaumve n'komwe. Ndi mayi wina wa mphakati wathu amene kwa milungu itatu ankabwera m'mawa uliwonse, kusiya ndowa ya madzi ndi nkhuni pakhonde, kuima pabwalo n'kufuula, "Mwadzuka bwanji m'nyumbamo?" Sanalowe ngakhale tsiku limodzi. Amayi anga mpaka lero amati ameneyo ndiye anawasunga. Atsikana anu amene akuopa kulowa m'nyumba apatseni ntchito ngati imeneyo.

M'bale wa ku Area 25

Aphunzitsi, pa Mateyu 4 mwandigwira, ndavomera. Za yunifolomuzo ndazikonda. Changa n'chimodzi basi, chitseko cha tchalitchi chisatsekedwe.

Naphiri wa ku Bangwe

Zikomo nonse. Ndachedwa kuyankha chifukwa mayankho a bambo a zaumoyo ndinawawerenga usiku ndipo sindinagone. Shuga anali m'nyumbamo, ndinathira ndekha m'phala lija. Mchere unali pawindo. Zaka zonsezi ndakhala ndikudziuza kuti vuto linali mvula ndi njinga. Musadandaule bambo, simunandilakwire, bola ndamva kwa munthu amene sanandizungulire.

Dzulo ndinapita kwa agogo aja. Sindinatenge pepala, ndinatenga kabichi ndi kapaketi ka shuga. Tinakhala pakhonde akusankha nyemba, ndipo ndinawauza zonse za usiku uja, zimene sindinauzepo amvano anzanga, mpaka za ndowa. Anakhala chete nthawi yaitali. Kenako anandiuza chinthu chimene sindinkachidziwa, kuti iwo ndi amene anatenga bulauzi ndi duku zija kwa bambo a malemu, ndipo akuzisunga m'sutikesi mwawo mpaka lero chifukwa sakudziwa kozipititsa. Kuzipereka kwa wina akuti sangathe, kuziotcha sangathe.

Nditawafotokozera za ku Sierra Leone zija anafunsa kuti, "Ovala majombowo angavomere kugwira duku la mvano?" Ndinati tikawafunse. Za kusambitsa sanagonje, akuti adzaona tsikulo likadzafika, ndipo ine sindinawakakamize. Koma za beseni anavomera msanga kuposa mmene ndinkaganizira, akuti iwonso madzi akuda aja amawanyansa kuyambira kale, ankangoopa kuoneka onyada. Deuteronomo uja anachita kuitanitsa magalasi kuti awerenge okha, atamaliza anaseka mpaka kutsokomola.

Pa pepala ndalembapo izi pakadali pano: Thanzi m'chikwama cha mayi aliyense woyendera odwala, ndipo wotsegula m'mimba tizipemphera naye tili panjira, osati kumusiya kuti kuche. Kathumba ka ndalama ya njinga yamoto kazikhala kwa msungichuma wa mvano, kotheka kutengedwa usiku popanda kudikira komiti. Pamaliro alionse, a kolera kapena ayi, kusamba m'manja kukhale kothirirana ndi jagi, pakhale sopo. Ogwira thupi asayandikire kumoto. Madzi a mgonero aziwiritsidwa Loweruka. Za yunifolomu ndalemba monga mwanenera aphunzitsi. Achimwene a ku 25, za kutseka tchalitchi palibe amene wazitchula kwathu, mtima ukhale m'malo. Za chimbudzi ndasiyira amuna, koma ndalemba ndi zilembo zikuluzikulu, chifukwa chathu chinagumuka mbali imodzi ndi mvula ya Freddy mu Malichi 2023 ndipo anangotchingapo lata.

Chimene sindikudziwa ndi mmene ndikayambire kwa mayi a ku Thyolo aja. Agogo akuti tipite tonse awiri mwezi ukatha, titenge bulauziyo, tikawapatse iwo kuti anene okha choti tichite nayo. Akuti ndalama ya minibasi alipira okha. Mwana wa malemu wandipatsa nambala ya amalume ake kuti tiyambe tatumiza uthenga, koma ndayilemba kuseri kwa buku la nyimbo ndipo sindinayimbebe.